Mmene mungalowere mu nkhani za khonsolo giledala isanafike pa benchi panu: kwa anzanga a ku Mulanje

Azakhali anga amagulitsa nanazi ndi nthochi mphepete mwa msewu, geni imeneyi ndi yomwe inatiphunzitsa sukulu ife tonse, ndiye tsiku lina mmawa akupita kukayala katundu anapeza mabenchi onse pamzere wawo alembedwa chizindikiro chofiira, akuti muchoke pasanathe sabata pano pamangidwa zina. Sinditchula malo ake kapena ofesi yake chifukwa nkhani yanga si yoloza munthu chala. Chomwe chinandiwawa ndi yankho lomwe anapatsidwa atapita kukadandaula, anawauza kuti mayi nkhaniyi inakambidwa kalekale miyezi yapitayo ndipo okuimirani analipo, anavomera. Azakhali sanamvepo olo tsiku limodzi za msonkhano umenewo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsafunsa kuti kodi zinthuzi zimayenda bwanji, zimayambira pati, ndani amasaina, ndipo munthu wamba ngati ine ndi inu amalowera khomo liti. Zomwe ndinaphunzirazo ndi izi ndikulembazi.

Ndipo nthawi yake ndi inoyi. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathu pa mndandanda wa malo a mbiri ndi chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, alendo okwera Sapitwa ndi Chambe akubwera, mpikisano wa mapotala, anthu onyamulira alendo katundu mphiri, umadzaza Likhubula chaka ndi chaka, mwezi wa October anthu amakhamukira kwa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, loweruka lililonse ku Dziwe la Nkhalamba kumakhala magalimoto a ku Blantyre. Malo akayamba kukoma chonchi zimatsatira ndi nkhani zoti tikonze tawuni, msika usunthe, depoti ikhale apa, mavenda achoke mumsewu, apa pabwera loji. Zambiri mwa zimenezi ndi zabwino ndithu, ine sindidana nazo, Chitakale yaukhondo ndikuifuna ngati wina aliyense. Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo nthawi zambiri amagwera amene sanali pa msonkhano.

Choyamba dziwani khomo logogoda

Anthu ambiri timathera mphamvu pa khomo lolakwika. Timangoti boma, boma, koma bomalo lili ndi zitseko zambiri. Misika, madepoti, zimbudzi za anthu onse, zinyalala, ziphaso za mabizinesi ang'onoang'ono, misewu ya mmidzi ndi ya mmakwalala, sukulu za pulayimale ndi zipatala zazing'ono, izi ndi za khonsolo. Msewu waukulu uja wochokera ku Thyolo kudutsa pa boma mpaka ku Muloza ndi wa Roads Authority, ndiye nkhani ya omanga moyandikira kwambiri msewu umenewo imakhudza iwowo. Madzi a mmipope pa boma ndi a Southern Region Water Board, magetsi ndi ESCOM, nkhalango ya mphiri ndi ya nthambi ya za nkhalango, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust. Mukapita kwa khansala kukamukalipira za ndalama zolowera kuphiri mwangotaya tsiku, si iye amatolera.

Khonsoloyo payokha ili pawiri. Kuli mbali ya osankhidwa, makhansala a mmawodi, omwe amasankha wapampando pakati pawo, ndipo pa misonkhano yawo pamakhalanso aphungu, mafumu a ndodo ndi oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anzathu aulumali. Mafumuwo amayankhula koma savota. Ndiye kuli mbali ya ogwira ntchito, yotsogozedwa ndi bwanamkubwa, a DC, mmenemo muli mkulu wa mapulani ndi chitukuko yemwe anthu amangoti DPD, mkulu wa zomangamanga, mkulu wa za chuma. Osankhidwa amavomereza, ogwira ntchito ndi amene amalemba mapepala ndi kuyendetsa. Mukafuna kudziwa kuti pulani ikuti chani pitani kwa DPD, mukafuna kuti pulaniyo isinthe gwirani khansala. Zonsezi maziko ake ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, lija la mphamvu ku anthu. Dziwaninso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, nde anthu ambiri akuluakulu anazolowera kuthamangira kwa phungu kapena kwa amfumu pa chilichonse, chizolowezi chimenecho chilipobe, pomwe munthu woti nkhani ya msika aitenge ndi khansala amene munamusankha pa 16 September 2025.

Makwerero ake, ndi nthawi yoyenera kukwera

Apa ndi pamene azakhali anaphonyera, osati mwa kufuna kwawo. Chitukuko pa pepala chimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Zomwe mudzi wagwirizana zimapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu ya ndodo, kaya ndi kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nkanda, kwa Juma, kwa Mthiramanja kapena kwa Njema. Kuchoka apo zimakalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, kenako mu bajeti. Kukhonsolo nkhani isanafike pa msonkhano waukulu uja amati fulu khanso, imayamba yadutsa mmakomiti, ya za chuma, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi chilengedwe, ya maphunziro, ya chitukuko. Zoona zake zinthu zimaphikidwa mmakomitimo, ku fulu khanso amangopakula. Mukadikira tsiku la fulu khanso mwachedwa kale, mukadikira penti yofiira ndiye madzi atayika basi.

Chaka cha boma cha ndalama panopa chimayamba pa 1 April kutha pa 31 March. Ndiye ngati mukufuna chimbudzi pa depoti kapena shedi ya ogulitsa ziboliboli ilowe mu bajeti, nkhani yanu izikhala itafika ku ADC ndi kwa khansala cha mma October, November, mvula isanalimbe, osati mu April anzanu atagawana kale. Funsani wapampando wa VDC kuti msonkhano wotsatira uli liti, pitani, ndipo chinthu chimodzi chomwe musachoke musanachione ndi choti mlembi walemba nkhani yanu mmaminitsi. Mupempheni awerenge mokweza zomwe walemba. Nkhani yomwe sinalembedwe ndiye kuti sinakambidwe, olo munayankhula mpaka mawu kusasa.

Vuto lilipo loti anthu a geni pa tawuni ambiri sali mu VDC ya pamalopo, amachokera midzi ina, ena amachita kukwera kabaza mmawa kuchokera kutali. Ngati ndinu otere khomo lanu ndi komiti ya msika, kapena gulu lanu la akabaza, la magaidi ndi mapotala, la amayi a zipatso. Ngati komitiyo ilipo mwa dzina lokha idzutseni, sankhani anthu poyera, mulembe mayina. Khonsolo imamvera gulu lomwe lili ndi wapampando, mlembi ndi kaundula kusiyana ndi chikhamu chongobwera ndi mkwiyo.

Kalembedwe ka pempho

Osalemba kuti tikufuna chitukuko kuno, zimenezo aliyense amafuna. Lembani chinthu chimodzi, malo ake, anthu angati chikuwakhudza, ndi zomwe mukupempha. Werengani nokha, tengani kope tsiku la msika muwerenge mabenchi, muwerenge amayi oyala pansi, muwerenge zitseko za chimbudzi zomwe zikugwira ntchito ndi zomwe zinatsekedwa, mulembe kuti zinyalala anachotsa komaliza tsiku liti. Jambulani zithunzi pa foni. Manambala owerenga nokha ndi ovuta kuwatsutsa.

Kalatayo ipite kwa DC, kope kwa wapampando wa khonsolo, kwa khansala wa wodi yanu ndi kwa wapampando wa ADC. Chichewa ndi chololedwa, musavutike kusaka munthu wa chizungu chambiri. Pangani makope awiri, mukafika pa ofesi yolandirira makalata perekani imodzi, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi deti mubwerere nayo. Ichi chokha abale chimasintha zinthu kwambiri, chifukwa mawa palibe amene angakuuzeni kuti kalata yanu sitinaione. Onse osaina alembe dzina ndi kusaina kapena kudinda chala, ndipo sungani pepala limenelo kwa anthu awiri osiyana.

Chinanso, matikiti a msonkho wa pamsika musamataye. Azakhali amangowakulungira mmpango kenako nkutaya, koma ndi umboni woti mwakhala pamalopo nthawi yaitali ndipo khonsolo imalandira ndalama zanu ikudziwa kuti muli pamenepo. Ikani mu jumbo, sungani. Ndipo wotolera akafuna ndalama popanda tikiti kanani, ndalama yopanda tikiti sifika kulikonse komwe ingakumangireni chimbudzi.

Mapepala mukhoza kuwaona, lamulo likulola

Ichi anthu ambiri sakhulupirira. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga, ndipo lamulo lapadera la nkhaniyi linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi ya boma iliyonse ikuyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo ikuyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakukanizani kapena akangokhala chete mutha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, ndi amene amayang'anira lamuloli.

Ndiye mupemphe chani? Pemphani mapu a pulani ya malowo, maminitsi a msonkhano womwe unavomereza, ndalama zake ndi zingati ndipo zikuchokera thumba liti, kaya ndi CDF, lija la chitukuko cha mdera la phungu, kaya ndi thumba la chitukuko cha boma, kaya ndi ndalama za GESD zija amapatsa makhonsolo malinga ndi mmene akhozera pa kawuniwuni, kaya ndi za msonkho wotolera konkuno. Pemphani dzina la kontirakitala, tsiku loyamba ndi lomaliza ntchito. Koposa zonse pemphani ndondomeko yogawira malo mu msika watsopanowo, yolembedwa. Nkhondo zambiri za mmisika sizikhala pa kumanga ayi, zimakhala pa kugawa, shedi ikatha mumangoona mashopu akutsogolo atenga anthu omwe simunawaonepo akugulitsa olo tomato mmodzi, eni ake akale aponyedwa kumbuyo kufupi ndi dzala.

Misonkhano ya fulu khanso ndi yotseguka kwa anthu, imachitika pafupifupi miyezi itatu iliyonse. Simuloledwa kuyankhula koma mutha kukhala kumbuyo nkumamvetsera. Pitani anthu asanu, khumi, mutavala bwino, mwakachetechete. Khansala amene akudziwa kuti amayi a mu wodi yake akhala kumbuyo akumuyang'ana amayankhula mosiyana ndi mmene amayankhulira akakhala yekha.

Akati musamuke

Apa ndiyankhule mosabisa, ngakhale ena sakondwa nazo. Ngati benchi lanu lili mmalo a msewu, kapena munamanga popanda chilolezo, mwayi wa chipukuta misozi ndi wochepa, ndipo amene akukuuzani kuti tikakuimirani mulandira mamiliyoni akungofuna ndalama zanu za msonkhe. Nkhondo yomwe mungapambane ndi ya nthawi yokwanira yokonzekera, ndi ya malo ena abwino. Koma ngati ndi malo anu enieni, munda kapena nyumba, kaya a makolo kaya a lizi, gawo 44 la malamulo aakulu likunena kuti boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, litamudziwitsa mokwanira ndi kumulipira moyenera, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wopita kukhoti. Owerengera katundu akabwera mukhalepo nokha, muwerenge nawo mtengo uliwonse, mango, mapeyala, phata lililonse la nthochi, ndipo musasaine pepala lomwe simunawerenge kapena lomwe manambala ake sanalembedwe. Kuno malo ndi ochepa, anthu tinapitirira 680,000 pa kalembera wa 2018 ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili ndi tiyi, ndiye munthu akakuchotsa pa kamunda kako sikuti ungopeza kena mawa.

Kwa a pamsika, musanavomere kusamuka pangani kaundula wanu, dzina, zomwe munthu amagulitsa, zaka zomwe wakhalapo, asaine a komiti ndi woyang'anira msika, kope ipite kukhonsolo idindidwe. Kenako pitani mukaone malo atsopanowo ndi maso anu, makamaka mvula itagwa. Madzi amayenda bwanji, mpope ulipo, chimbudzi chatha kapena akuti chibwera, minibasi ziziima pati. Funso la minibasili ndi lalikulu kuposa onse, msika umatsata okwera ndi otsika, mukaika msika uko depoti uku anthu amabwerera kumsewu pasanathe mwezi, kenako ayamba kuthamangitsana ndi apolisi, ndalama zomangira zija zapita pachabe. Nenani zimenezi poyera pa msonkhano ndipo pemphani kuti depoti ndi msika zisamuke limodzi, komanso kuti tsiku losamuka likhale chimbudzi ndi madzi zitayamba kugwira ntchito, osati zisanayambe.

Za alendo ndi za ife

Nkhani iyi imandikhudza kwambiri. Nthawi zambiri pulani ikamakambidwa mawu amakhala oti alendo aziona pokongola. Chabwino. Koma mlendo amabwera masiku atatu, ife tili pompano chaka chonse, ndiye pa chilichonse chomwe akuti ndi cha alendo funsani kuti mwana wa kuno apindula nacho bwanji. Akamaika magetsi a mumsewu afike mpaka ku msika ndi njira yopita kuchipatala, asathere pa geti ya loji. Galimoto ya zinyalala ikamadutsa ku malo ogona alendo idutsenso mmakwalala mwathu. Akamakonza malo oimika magalimoto ku Likhubula pakhale malo a ogulitsa ziboliboli, a zipatso, ndi pokhala mapotala podikira ntchito, pamthunzi, pali chimbudzi. Ndipo mlendo weniweni amene wabwera kudzaona Mulanje amafuna kugula nanazi kwa mayi wa kuno, tawuni yosesedwa mpaka anthu ake kusowa si imene anaifuna.

Ntchito zikuluzikulu, hotela, mgodi, kupatutsa madzi a mumtsinje, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti pachitike kawuniwuni wa mmene zikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndi lomwe limavomereza. Pa kawuniwuni ameneyu anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo. Msonkhano umenewo ukaitanidwa musapite chifukwa cha fanta ndi ka alawansi, pepala lomwe mumasaina pakhomo lija limakakhala umboni woti anthu anafunsidwa. Funsani kuti madzi atenga angati ndipo otsala kumunsi amwa chani mu October, zonyansa za mzimbudzi zipita kuti, njira yathu yopita kumtsinje kapena kumanda itsekedwa kapena ayi, ntchito alemba anthu angati a konkuno. Tonse tikukumbuka mmene anthu kuno anadandaulira pamene Blantyre Water Board imayamba ntchito yotenga madzi ku Likhubula kupita nawo ku Blantyre, funso linali lomweli loti nanga ife okhala mtsinde mwa phiri. Ndipo pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023 palibenso chifukwa choti munthu achite manyazi kufunsa za ngalande ndi za kumanga mphepete mwa mtsinje, tinaona ndi maso athu zomwe madzi ochokera mphiri amachita.

Akakana, kapena akangokhala duu

Yambani ndi kupempha zifukwa zolembedwa, gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu umenewo pamene chiganizo cha ofesi ya boma chikukhudza ufulu kapena zofuna zanu. Kenako kalata yachiwiri yokumbutsa, mutchule deti ya yoyamba ija. Zikakanika ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kusayendetsa bwino zinthu ndipo salipiritsa. Ngati muli ndi umboni wa ziphuphu, monga kugulitsa malo a mumsika mseri, ndi nkhani ya bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, koma umboni weniweni osati zomva pa bawo. Ngati mukufuna khoti liunikenso chiganizocho dziwani kuti nthawi yake ndi miyezi itatu yokha kuchokera pomwe chinapangidwa, ndiye musagone, opanda ndalama ya loya afunse ku Legal Aid Bureau. Wailesi ya Mzati ilipo konkuno, a NICE ali ndi ofesi pa boma ndipo amathandiza kukonza mikumano ya anthu ndi atsogoleri awo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp lembani zomwe muli nazo umboni, zithunzi, madeti, kope ya kalata yodindidwa ija, kutukwana munthu ndi dzina kumangopatsa anthu chifukwa chosiyira nkhani yeniyeni nkuyamba kukamba za mwano wanu.

Zionetsero ndi ufulu, koma zikhale zomalizira, ndipo lamulo limafuna mudziwitse DC mwa kalata maola osachepera 48 zisanachitike. Chenjerani ndi andale ofuna kukwera pa nkhani yanu, tsiku lomwe gulu lanu lavala nsalu ya chipani theka la anthu anu lichoka ndipo a mbali inayo asiya kukumverani.

Ntchito ikayamba musabwerere kunyumba

Ambiri timatopa apa, pulojekiti ikangovomerezedwa timati tapambana. Ayi, pakhale anthu anu mu komiti yoyang'anira ntchitoyo, amayi akhalemo chifukwa ndi amene amadziwa kuti pochapira ndi potayira madzi pakuyenera kukhala pati. Onani ngati chikwangwani chaikidwa cholemba dzina la kontirakitala, ndalama ndi nthawi. Werengani matumba a simenti akamatsitsidwa, lembani mu kope, jambulani maziko asanakwiriridwe ndi dzenje la chimbudzi lisanavundikiridwe, chifukwa zikatsekedwa palibe amene adzadziwe kuya kwake. Mukaona njerwa zosapsa kapena matope ochuluka mchenga uzani mkulu wa zomangamanga mwa kalata tsiku lomwelo, musalimbane ndi amisiri pamalopo, iwo angotumidwa.

Kontirakitala akamaliza pamakhala nthawi yomwe amayenera kubwera kudzakonza zomwe zawonongeka ndi ndalama zake, ndipo khonsolo imasungako gawo la malipiro ake mpaka nthawiyo ithe. Funsani kuti nthawi imeneyo ndi miyezi ingati pa ntchito yanuyo ndipo ikutha liti, mulembe detiyo pa khoma la ofesi ya msika. Mvula yoyamba ikagwa yendani ndi kope, denga likudontha pati, khoma lang'ambika pati, ngalande yatsekeka pati, mupereke mndandandawo udindidwe detiyo isanakwane. Ndipo pa tsiku lolandira makiyi funsani pamaso pa onse kuti bilu ya madzi azilipira ndani, chimbudzi azisesa ndani, ndipo ndalama zolowera kuchimbudziko zizipita mthumba liti.